Zitsulo Zokhota pa Mwendo wa Aphunzi

Sikweya sanali munthu womuonetsa chinthu chokhota. Dzinalo anamupatsa ndi anzake a kumsika wa zitsulo, chifukwa cha kachitsulo koyezera makona kamene sikankachoka m'thumba la ovololo yake. Ankawotcherera mageti, mawindo ndi mabedi pakashedi kake ka malata, ndipo geti ikangopendekeka pang'ono, ngakhale mwini wake achonderere kuti, "Zili bwino bwana, tingonyamula," iye ankaidula n'kuyambiranso. Anthu ankachoka akung'ung'udza, koma mwezi usanathe ankabweranso ndi ntchito ina. Kunyumba nako anali yemweyo. Kalendala ikapendekeka pakhoma, tiyi sankatsika kukhosi mpaka aiwongole.

Amene ankamutha anali mkazi wake yekha. Iwo anali mphunzitsi pa sukulu ya mkaka, ndipo aliyense, ngakhale mwamunayo, ankangoti Aphunzi. Pakamwa pawo sipankachedwa. "Inu abambo, tsiku lina mudzandiyeza ine ndi kachitsulo kanuko," ankatero, "kenako mudzandibweza kwathu kuti akandiwotcherenso." Sikweya ankaseka mpaka kutsokomola. Ankawakonda mayiwo koopsa, ngakhale mawu oterowo sanali oti angatuluke pakamwa pake masanasana.

M'mawa wina, atangoyatsa makina n'kutsitsa chigalasi chakuda kumaso, foni inalira m'thumba. Anali mayi wina wosamudziwa. Anamuuza kuti Aphunzi anakwera njinga yamoto kuthamangira kusukulu, ndipo pamphambano lole ya mchenga inalephera kuima. Woyendetsa njinga uja anaponyedwa m'ngalande n'kudzuka ndi mikwingwirima yokha. Aphunzi ndiye anapanikizidwa pakati pa lole ndi mpanda wa njerwa.

Mmene anafikira kuchipatala, Sikweya sakumbuka mpaka lero. Anangozindikira ali pabenchi m'khonde lalitali lonunkha mankhwala, magolovesi a ntchito akadali m'manja. Anthu ovala zobiriwira ankalowa ndi kutuluka pachitseko cha ku fiyeta, kochitira opareshoni, palibe woyang'ana mnzake. Bambo wina anadutsa chothamanga ndi bokosi la matumba a magazi, anabwerera chimanjamanja, n'kudutsanso ndi lina. Kenako kunabwera namwino wamkulu, mayi wojintcha amene onse ankamutchula kuti Asisitala, n'kumupatsa jumbo. M'jumbomo munali nsapato imodzi ndi diresi ya Aphunzi, yodulidwa ndi sizasi kuchokera kukhosi mpaka kumpendero. Apa mpamene mantha anamugwira zenizeni. Munthu amene sankalola ngakhale kadontho ka inki pa chovala chake, lero amudulira diresi iye osanena kanthu.

Dzuwa litapendeka, chitseko chija chinatseguka ndipo kunatuluka kamayi kakafupi, kovala jombo zoyera zothimbirira magazi. Ameneyo anali dokotala wa mafupa. Anamwino ankaseka kuseri kuti chipatala chinapempha wa mafupa, koma kolembako anamva molakwa n'kutumiza wamfupi.

"Ndinu amuna awo? Khalani pansi bambo, ine kuyang'ana m'mwamba khosi limandipweteka." Anakhala naye pabenchipo. "Ali moyo. Tiyambire pamenepo."

Ndiye anayamba kutchula. Kapamba anaphulika, ndipo madokotala a m'mimba amuchotsa. Nthiti za kumanzere zathyoka n'kuvulaza mapapo. Mafupa a m'chiuno atseguka. Fupa la ntchafu lathyoka pakati, mkono nawo wathyoka. Sikweya ankangogwedeza mutu, akudabwa kuti thupi limodzi lingasenze bwanji zonsezo n'kumapumabe.

"Magazi tawaletsa," anamaliza dokotalayo. "Mafupa tangowagwiriza kaye."

Sikweya anamva "ali moyo", anamva "mafupa", anamva "tawagwiriza". Koma kamawu kakuti "kaye" kanamudutsa pambali pa khutu.

Anamuveka chijasi ndi chophimba pakamwa n'kumulowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Abale inu, zinthu zilipo padziko! Makina anali kupumira munthu, chifuwa cha Aphunzi chikungokwera ndi kutsika motsatira lamulo lawo. Mtima wawo unali kulemba mzere wobiriwira pagalasi, aliyense n'kumauona. Timapaipi tinalowa pakamwa, pakhosi, panthiti, tina tikubweretsa, tina tikuchotsa. Sikweya, munthu wokulira m'makina, anaima kukamwa kuli yasa. Nkhope ya Aphunzi inali itatupa moti anawazindikirira kachipsera ka pachibwano.

Asisitala anakweza nsalu kuti aone mwendo, ndipo Sikweya anaona nawo. Zitsulo zonenepa ngati pensulo zinali zitaboola khungu mpaka kukalowa m'fupa, zina pantchafu, zina m'chiuno. Pamwamba pa zitsulozo panadutsa mipiringidzo yakuda yomangidwa ndi tizipanira ndi manati, kunja kwenikweni kwa thupi. Wina akanakomoka. Sikweya sanakomoke, koma diso lake linayamba lokha ntchito popanda womutuma. Mpiringidzo wa pantchafu unali wopendekeka. Wa m'chiuno unakwera mbali imodzi. Phazi linayang'ana kunja, ndipo mwendowo unaoneka waufupi poyerekeza ndi unzake. Pakhoma panali chithunzi cha ekisire, ndipo ngakhale mwana akanaona kuti nsonga ziwiri za fupa sizinakumane, zinangophonyana. Kudabwa konse kuja kunasanduka mkwiyo. Anatuluka m'chipindamo mtima ukuwira, akudzifunsa kuti ndani anamanga zimenezi ndipo anaphunzira kuti.

Mawa lake kunafika mlamu wake, mlongo wawo wa Aphunzi, bambo wa muofesi wosavula tayi ngakhale kutenthe bwanji. Munthuyo analibe chimene sankachidziwa. Atangosuzumira pagalasi la chitseko, anamukokera Sikweya pakona.

"Alamu, mwaziona zimenezi? Anthuwa akuphunzirira ntchito pa mlongo wanga. Abwana anga anathyoka mwendo chaka chatha, kuchipatala cha kutsidya kwa tauni anawaika chitsulo m'kati tsiku lomwelo, bwinobwino, osati khola la nkhuku ili. Tiwachotse kuno asanalumale."

Mawuwo anamugwera Sikweya pomwe pankapweteka kale. Tsiku lililonse m'mawa dokotala wamfupi uja ankadutsa ndi anzake. Ankayang'ana zotsatira za magazi, kuyang'ana makina opumira, kuwerama n'kunyamula thumba la mkodzo lopachikidwa pambali pa bedi n'kumaliyang'anitsitsa ngati muli golide. Mwendo ankangougwira phazi kuti amve ngati likutentha, basi. Sikweya akafunsa kuti mwendowu aukonza liti, yankho linali limodzi: tidikire. Mawa, tidikire. Mkuja, tidikire. Iye ankadziwa ndithu kuti fupa silidikira munthu, ndipo likagwirana chokhota ndiye kuti Aphunzi adzatsimphina moyo wawo wonse, mayi amene tsiku lonse amathamanga ndi tiana pabwalo. Mlamu uja anati wapeza kale ambulansi, ndipo chatsala ndi mawu a mwini mkazi.

Tsono apa mpamene mutu wa Sikweya unamupusitsa, ndipo kupusa kwake kunali kwa mmisiri. Manati aja anali atawayeza kale ndi maso. Anaganiza kuti kaya awachotsa kaya sawachotsa, koma mwendo ukhale wowongoka podikirapo. Ndi ntchito yanji imeneyo? Kumasula nati imodzi, kukoka phazi pang'ono, kumanganso. Anasankha sipanala yake yabwino, anaitsuka ndi sopo, anaipukuta ndi sipiriti kuti isapite ndi majeremusi, n'kuikulunga m'mpango woyera. Anaganiza zonse munthuyo, kupatula chinthu chimodzi chofunika.

Nthawi yoona odwala masana, Asisitala atatembenukira kwa wodwala wa bedi lina, Sikweya anakweza nsalu mwakachetechete. "Pepani aphunzi, sindichedwa," ananong'ona. Anaika sipanala pa nati ya pantchafu, ndipo inalowa ndendende ngati anapangira pamodzi.

Dzanja linamugwira pamkono, lolimba ngati vayisi yopanira zitsulo.

"Bambo inu, mwazungulira mutu?" Asisitala sanakuwe, analankhula mano ali gwa. "Musapotoze. Ngakhale pang'ono. Tsegulani dzanja lanulo, ndiichotse ndekha."

Anaichotsa pang'onopang'ono, kenako anamukankhira panja ngati thumba la makala. Sikweya anadziwa kuti basi, amuthamangitsa ndipo sadzaloledwanso. M'malo mwake anamulowetsa m'kachipinda kena momwe munali ketulo, makapu osatsuka ndi chigoba cha munthu cha pulasitiki chosowa mkono umodzi. Posakhalitsa dokotala wamfupi analowa, sipanala ili m'manja, n'kuiika patebulo pakati pawo.

"Asisitala akuti ndikuletseni kulowa, ndipo sakulakwa. Koma tandiuzani, munkafuna kutani?"

"Ndi zokhota, adokotala." Mawu anatuluka okha, manyazi ndi mkwiyo zitasakanikirana. "Ine ndimawotcherera zitsulo. Ntchito ngati imeneyi singatuluke pashedi panga. Fupa silinakumane, masiku akupita, inu mukungoti tidikire."

"Ndi zokhotadi," anatero dokotala. "Ndinamanga ndine, ndipo ndinkaona kuti zikukhota."

Sikweya anali atakonzekera kukangana, choncho kuvomerako kunamusowetsa pogwira.

"Tsiku lija ndikanatha kuuwongola mwendowu, bambo. Zida zinalipo, manja ndinali nawo. Ndikanaima pamenepo mpaka dzuwa kulowa, kulowetsa chitsulo m'kati mwa fupa, kumanga chiuno, kumanga mkono, zonse mwaluso moti inu mukanawomba m'manja. Ndikatha pamenepo ndikanakupatsani maliro a mwendo wowongoka bwino."

Dokotala anapitiriza modekha, ngati akuuza mwana njira ya kumsika.

"Munthu akataya magazi ambiri thupi limazizira, ndipo magazi ozizira saundana. Ukamapitiriza kudula, amangoyenderera ngati madzi. Chachiwiri, mapapo awo ndi ovulala kale. Ukalowetsa chitsulo m'fupa la ntchafu, mafuta a m'kati mwa fupalo amakankhidwira m'magazi n'kukatsakamira m'mapapo omwewo. Munthu wothyoka mwendo wokha amapirira zimenezo, ndiye timamukonza tsiku lomwelo. Akazi anu sakanapirira. Lole inawamenya kamodzi. Opareshoni yaitali ikanawamenya kachiwiri, ndipo wowamenyayo ndikanakhala ine."

"Nanga bwanji simunangowasiya, osawabaya zitsulo zonsezo?"

"Fupa lothyoka likamagwedera limacheka mnofu ndi mitsempha ngati mpeni. Chiuno chotseguka chimatha kumwa magazi onse a munthu, kunja osaoneka ngakhale dontho. Ndiye timalowa mothamanga, kugwiriza kuti zisagwedere, n'kutuluka munthu asanazizire. Tsiku limenelo kukongola kulibe ntchito." Analoza sipanala ija ndi chala. "Pansi pa nati munagwira ija pali magazi amene anaundana movutikira kwambiri. Mukanamasula, fupa likanasuntha n'kuwaswa, ndipo tikanayambiranso pomwe tinayambira. Sindikudziwa ngati akanatipatsanso mpata wachiwiri."

Sikweya anayang'ana manja ake, manja amene ankawanyadira, n'kuchita nawo mantha. Kenako anang'ung'udza, osakweza mutu. "Pa lata lopyapyala, ukayendetsa moto ulendo umodzi limapindika, mwina kubooka kumene. Umadontheza apa, kudontheza apo, n'kulisiya lizizire."

"Za malata ine sindizidziwa," anatero dokotala, "koma mawu anga tsiku lija anali akuti tagwiriza kaye. Inu 'kaye' uja munamusiya pabenchi."

"Ndiye mudzadziwa bwanji kuti nthawi yakwana?"

"Adzatiuza okha. Magazi awo adzatiuza, mapapo adzatiuza, mkodzo nawo. Thumba mumandiona ndikunyamula lija likamadzaza bwino, ndiye kuti impso zikuti tikadalipo."

Sipanala ija dokotala anaitsekera m'dirowa ya Asisitala. Kulowa anamulola, koma kuyambira tsiku limenelo ankamupisa m'matumba pakhomo ngati wakuba. Sikweya sankadandaula. Akalowa sankayang'ananso mipiringidzo, ankathamangira kuwerama pambali pa bedi kuti aone thumba lija. Bambo wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu, kumamwetulira mkodzo wa mkazi wake!

Mlamu anabwera Loweruka m'mawa, foni ili m'manja, ambulansi itaima panja pa geti.

"Alamu, galimoto yafika. Kauzeni anthuwa kuti tikutenga munthu wathu."

"Sapita kulikonse."

"Mwati bwanji?"

"Ndati sapita. Sanakonzeke kuyenda pamsewu, ndipo sanakonzeke kulowanso ku fiyeta. Zitsulozo anazikhoteka dala, alamu, kuti achite changu."

Mlamu anaseka kaseko koipa. "Akudyetsani chiyani anthuwa? Inuyo, amene mumabweza geti chifukwa cha kachala kamodzi, lero mukuikira kumbuyo khola la nkhuku? Chabwino. Koma mumve, ameneyu ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Akafa muno, kapena akalumala, mudzayankha ndinu pamaso pa abale onse."

"Ndidzayankha," anatero Sikweya. Ambulansi inabwerera yopanda munthu.

Ndiye onani mmene zinthu zimachitira nkhanza. Masana a tsiku lomwelo thupi la Aphunzi linatentha ngati mbaula. Makina anayamba kulira mosalekeza, anamwino akuthamanga, ndipo nsalu yotchinga bedi inakokedwa. Alendo onse anawatulutsa. Dokotala wa m'chipindacho anangonena mwachidule kuti mapapo atupa ndipo akukana mpweya. Mlamu anangomuyang'ana Sikweya, ndipo kuyang'anako kunapweteka kuposa kutukwana. Sikweya anakhala pabenchi lake lija, mutu uli m'manja. Anadzifunsa ngati wapha mkazi wake ndi kamwa lake, pokana galimoto imene inali itafika kale pakhomo. Analira poyera, anthu akudutsa, iye osasamala.

Asisitala anatuluka kukatenga mankhwala, ndipo pobwerera anaima pang'ono. "Pukutani kumaso, bambo. Izi ndi zimene adokotala ankaziopa, ndipo tinazikonzekera. Zawapeza ali pabedi, makina ali pambali. Zikanawapeza pamsewu, kapena ali ndi bala latsopano la opareshoni, bwenzi tikukamba zina." Anatero n'kulowa, osadikira yankho.

Masiku otsatira anali olemera. Kutentha kunkatsika n'kukweranso, ndipo thumba lija tsiku lina linangokhala ndi tochepa pansi, Sikweya n'kulephera ngakhale kumwa madzi. Kenako linayambanso kudzaza. Anamwino anayamba kuchepetsa mphamvu ya makina opumira pang'onopang'ono, ngati mmene mayi amasiyitsira mwana bere. Kutupa kwa kumaso kunaphwa, ndipo nkhope imene ankaidziwa inabwerera pamalo pake. M'mawa wina anapeza paipi ya pakamwa itachotsedwa, Aphunzi akupuma okha, maso ali otsegula. Mawu analibe, mmero unali utauma, koma anamuyang'ana n'kumufinya chala. Mlamu anafalitsa kwa abale onse kuti ndi mapemphero ake, ndipo Sikweya anamusiya atero.

Dokotala wamfupi anabwera, anayang'ana za magazi, ananyamula thumba, anamvetsera chifuwa. "Atiuza tsopano," anatero. "Mawa tikonza ntchafu ndi mkono. Chiuno chidzatsatira akapumako."

Zinachitikadi motero, gawo ndi gawo, ndipo khola lija linachoka lonse, kutsala timabala ting'onoting'ono momwe munalowa zitsulo. Dokotala anamuitana Sikweya kuti aone ekisire yatsopano. Chitsulo chachitali chinali chitalowa m'kati mwa fupa kuchokera kuchiuno mpaka pafupi ndi bondo, chokhomedwa ndi masikuluwu kumwamba ndi kumunsi, chowongoka moti diso lake linafufuza cholakwa n'kuchisowa. Ndipo zonsezo anazilowetsera pakabala kotalika ngati chala, osaona fupalo ndi maso. Sikweya anayang'ana timanja ta dokotalayo, tating'ono ngati ta mwana wa sukulu, n'kupukusa mutu. Komabe pakati pa fupa panali kamzere kakuda pomwe linathyokera.

"Apa simunalumikize, adokotala. Kapena ndi 'kaye' winanso?"

Dokotala anaseka. "Ayi, ife tathera pomwepa. Palibe dokotala padziko amene amalumikiza fupa, bambo. Timangoliyandikiza n'kuligwira kuti lisagwedere. Kulumikiza ndi ntchito ya mwini wake."

Sikweya anavomera ndi mutu, koma mumtima sanakhulupirire kwenikweni. Chitsulo sichidzilumikiza, thabwa silidzilumikiza, ndiye fupa lingathe bwanji?

Aphunzi anawasamutsira ku wodi wamba, ndipo masabata anadutsa ali chigonere, chifukwa chiuno sichinkalola kuti aponde pansi. Mawu anabwerera, ndipo anabwerera onse. Pasanathe nthawi wodi yonse inali itadziwa nkhani ya sipanala, pakuti Asisitala anawauza Aphunzi, ndipo Aphunzi anaikometsera. "Amuna anga awa," ankauza mayi wa bedi loyandikana, "anandiona ngati wilibala." Odwala ankaseka mpaka kugwira mabala awo, Sikweya atazolika.

Tsiku lina anawajambulanso, ndipo dokotala anaika chithunzicho pagalasi lowala. Sikweya anayandikira. Kamzere kakuda kaja kanali katazimiririka, ndipo mozungulira pothyoka paja panali chotupa choyera ngati utsi, chokuta fupa mbali zonse, chonenepa kuposa fupa lenilenilo.

"Ichi n'chiyani? Mwaikamo chiyani?"

"Sitinaikemo kanthu. Limenelo ndi fupa latsopano. Linayamba ngati magazi oundana aja munkafuna kuwaswa, kenako linasanduka chichereechere, tsopano likuuma. Pakutha pa zaka thupi lidzalisalaza lokha, kuchotsa pomwe pachuluka."

Sikweya anaima nthawi yaitali, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Moyo wake wonse anaulowetsa pa kulumikiza zinthu, ndi moto, ndi magetsi, ndi phokoso lodzutsa mudzi wonse. Koma apa munthu anali gone pabedi, akuseka amuna ake ndi kumwa tiyi, m'kati mwake ntchito ikuyenda mumdima popanda mmisiri, popanda moto, ndipo palibe amene anaimva. Anachita mantha, mantha okoma, ngati amene amagwira munthu akanyamula khanda longobadwa kumene. "Koma abale," ndi mawu okha amene anatha kunena, ndipo anawanena kangapo.

"Mawa ayambe kuima," anatero dokotala, akuzimitsa galasi.

Chipinda cha mafizo, chophunzitsiramo odwala kuyendanso, chinali ndi mipiringidzo iwiri yogwirira, yotalika kuchokera pakati pa chipinda mpaka pafupi ndi windo. Wa mafizo anali bambo wamtali wosekaseka, koma wosamva zonyengerera. Anakankha Aphunzi panjinga ya odwala mpaka kumayambiriro kwa mipiringidzo, n'kutembenukira kwa Sikweya, amene anali atapinda kale manja a malaya kuti anyamule mkazi wake.

"Inu bambo, mbiri yanu tinaimva. Kaimeni uko kumapeto, manja kumbuyo. Fupa limafuna kumva kulemera kwa mwini wake kuti likhwime. Mukawanyamula, mukulinamiza."

Sikweya anakaima kumapeto, dzanja lina litagwira linzake kumbuyo. Aphunzi anagwira mipiringidzo, anapuma kwambiri, n'kudzikoka. Miyendo inali itaonda ngati ya mwana, ndipo inkanjenjemera moonekeratu. Anaima. Nkhope inachita thukuta nthawi yomweyo, milomo atailuma. Anasuntha phazi labwino, kenako anakoka lovulala lija, analiponda pansi mwamantha, n'kulisenzetsa thupi. Mwendo unalandira. Anapondanso kachiwiri, ndipo pachitatu anadzandira, chiuno chikupita mbali. Sikweya anadumpha.

"Manja kumbuyo!" anakalipa wa mafizo, dzanja lake lili pafupi ndi msana wa Aphunzi koma osawakhudza.

Sikweya anabwerera pamalo pake. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, panalibe yolemera ngati imeneyi, kuima chabe n'kumaonerera. Aphunzi anadziwongola okha. Anabwera pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba, maso ali pa iye, mpaka mipiringidzo inatha. Anasiya chitsulo n'kugwira malaya ake ndi manja onse awiri, mutu n'kuutsamiritsa pachifuwa pake. Anakhala choncho akupuma, iye akumva kulemera kwawo konse, kwa munthu wamoyo woima ndi miyendo yake.

Kenako anadzutsa mutu pang'ono n'kuyang'anitsitsa pomwe anagwirapo.

"Abambo, batani ili mwamanga ndi chiyani?"

"Ndi waya, aphunzi. Linathothoka."

"Waya! Pa malaya abwinobwino? Ndiye mwakhala mukuyenda chonchi pamaso pa madokotala, anthu n'kumati mkazi wake ndi ine?" Anapumira kaye. "Ndingotuluka muno. Mudzandiona."

"Ndidzakuonani," anatero Sikweya. Manja anali akadali kumbuyo, pakuti panalibe amene anamuuza kuti awamasule, choncho misozi inangoyenderera m'ndevu mpaka kukagwera m'tsitsi la Aphunzi.